Mmene mungadziwire ngati mankhwala a matenda oiwala akuwathandiza agogo

Ndine namwino, ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kumpoto kwa England. Ambiri mwa anthu amene ndimawapatsa mankhwala m'mawa ndi madzulo ali ndi dementia, matenda aja owononga ubongo pang'onopang'ono mpaka munthu kuiwala njira ya kwawo, mayina a ana ake, ngakhale kavalidwe ka malaya. Abale akumudzi chidziwireni ntchito yangayi, mauthenga sasowa pa WhatsApp: "Anamwino, amayi ayamba kuiwala, titumizireni mankhwala akumeneko." Ndalemba izi kuti ndiyankhe onse pamodzi.

Mankhwala alipo ndithu, ndipo amathandiza. Koma thandizo lake ndi laling'ono moti ndi maso okha simungalione. Banja lina limataya mankhwala amene akugwira ntchito ati chifukwa agogo sakusintha, lina limagulitsa mbuzi kugulira mapiritsi amene akungowatsegula m'mimba. Kuti musagwe uku kapena uko, pali ntchito yoti mugwire piritsi loyamba lisanamwedwe.

Yambani mwadziwa chimene akudwala

Munthu wokalamba amene dzana anali bwinobwino, lero akubwebweta, sakuzindikira anthu, akugona masana n'kumadzuka usiku, ameneyo thamangani naye kuchipatala lero lomwe. Kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi chotero kawirikawiri kumachokera ku malungo, chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, shuga kapena kuchepa madzi m'thupi, ndipo kumatha matendawo akachizidwa. Dementia imabwera mozemba, pa miyezi ndi zaka.

Ngakhale kuiwala kwapang'onopang'onoko kuli ndi zoyambitsa zina zimene achipatala angathe kuzigwira: kuchepa kwa vitamini B12, chithokomiro chofooka, chindoko chakale chimene chinafika ku ubongo, HIV, kachasu wa zaka zambiri, ndi matenda ovutika maganizo, makamaka mwa amene angoferedwa kumene. Makutu nawonso musawaiwale. Tinali ndi gogo wina kuno amene aliyense ankati mutu unapita kalekale. Atamutsuka m'makutu n'kumuika kachipangizo kothandiza kumva, anayamba kuyankha zolondola. Kuiwala kunalipo, koma theka la vutolo linali lakuti mafunso sankawamva.

Ikakhala dementia yeniyeni, funsani kuti ndi ya mtundu wanji. Mwa odwala 10 alionse, 6 kapena 7 amakhala ndi mtundu wa Alzheimer, umene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaufotokoza mu 1906. Mankhwala amene ndikambe pano amaperekedwa makamaka pa mtundu umenewu. Amagwiranso bwino pa mtundu wa Lewy body, umene munthu amaona anthu kapena nyama zoti palibe, ndiponso pa kuiwala kobwera ndi matenda a Parkinson. Pa mtundu wobwera chifukwa cha sitiroko ndi BP yokwera, umene kwathu ndi wosasowa, phindu lake ndi lochepa zedi, ndipo ndalama zanu zingagwire ntchito yabwino pa mankhwala a BP ndi shuga. Pa mtundu wa frontotemporal, umene umayamba ndi kusintha khalidwe, munthu waulemu wake kuyamba kutukwana kapena kutola chakudya m'mbale za anthu, mankhwalawa sathandiza. Malangizo a 2018 a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala amene timatsata kuno ku England, amati asaperekedwe n'komwe pa mtundu umenewu.

Ku Malawi yambirani pa chipatala chachikulu cha m'boma lanu, mupemphe kuonana ndi a matenda a maganizo. Akakutumizani patsogolo ndiye ndi ku Queens ku Blantyre, ku Central ku Lilongwe, ku Zomba Mental kapena ku St John of God. Dzina la chipatalacho lisakuchititseni manyazi. Zimene dokotala alembe m'buku la kuchipatala zimawatetezanso agogo pamudzi, paja tikudziwa zimene zimachitikira nkhalamba yopezeka usiku pakhomo pa eni, pomwe inangosochera pochokera kuchimbudzi.

Khuthulani jumbo la mapiritsi

Musanaonjezere mankhwala, onani amene alipo kale. Tengani jumbo kapena chitini chimene agogo amasungamo mapiritsi, mukhuthulire patebulo, ndi ogula pa golosale omwe. Mukufunafuna mayina awa: Piriton, promethazine, amitriptyline, Artane ndi oxybutynin. Onsewa amatsekereza acetylcholine, chinthu chachilengedwe cha mu ubongo chimene timakumbukira nacho, chomwe chija mankhwala a kuiwala amayesa kuchulukitsa. Kuwapatsa donepezil, mmodzi wa mankhwala a kuiwalawo, pamodzi ndi Piriton wowagonetsa ndi kulipira kawiri kuti mankhwala afafanizane okhaokha. Diazepam naye amasokoneza okalamba ndi kuwagwetsa.

Musawasiyitse nokha mwadzidzidzi, makamaka amitriptyline ndi diazepam. Nyamulani jumbo lonselo kwa dokotala kuti awachepetse pang'onopang'ono. Kunena zoona, anthu amene ndawaona akusintha mooneka ndi maso, ambiri kunali kuwachotsera mankhwala, osati kuwaonjezera.

Zimene mankhwala amachita, ndi kukula kwa thandizo lake

Mankhwala akumwa ndi omata alipo 4. Donepezil, amene ena amamudziwa kuti Aricept ndipo anavomerezedwa ku America mu 1996, rivastigmine ndi galantamine amagwira ntchito mofanana. Maselo a ubongo amatumizirana uthenga ndi acetylcholine, ndipo pali china chimene chimamuphwanya akangomaliza ntchito. Mu matenda a Alzheimer maselo opanga acetylcholine amafa, choncho mankhwala atatuwa amafooketsa chophwanyacho kuti wochepa amene watsalayo akhalitse. Zili ngati kutseka ngalande ya kudimba mwezi wa Okutobala: madzi ochepawo amakhalitsa pa bedi la mpiru, koma kasupe kumtunda akuphwabe. N'chifukwa chake mankhwalawa sachiza ndipo saimitsa matenda. Wotsalayo ndi memantine, amene amateteza maselo ku glutamate, chinthu chinanso chotumizira uthenga mu ubongo, akachuluka. Iyeyu amathandiza matenda akafika pakati kapena akakula. Akadali oyamba kumene, phindu lake silinaoneke.

Tsono kukula kwa thandizolo. Pali mayeso otchedwa MMSE a malikisi 30: lero ndi lachingati, tili kuti pano, bwerezani mawu atatu awa, chotserani 7 pa 100. Munthu wa Alzheimer amataya malikisi pafupifupi 3 pa chaka. Mu 2018 gulu la Cochrane, lounika kafukufuku wa zachipatala, linaphatikiza kafukufuku 30 wa donepezil, wokhudza anthu oposa 8,000. Linapeza kuti pakatha miyezi 6, omwa donepezil amaposa omwa piritsi lopanda mankhwala ndi malikisi pafupifupi 1 basi pa 30 paja. Pa mayeso ena aatali a malikisi 70, kusiyana kunali kosafika 3. Pa ntchito za tsiku ndi tsiku, kuvala, kusamba, kudya, panalinso kusiyana kochepa kotero. Mankhwala amamugulira munthu miyezi ingapo, kenako matenda amapitiriza ulendo wake.

Nambala zimenezi ndi za pakatikati pa gulu lonse. Ochepa amadzuka mooneka, ambiri amangoima pomwe anali kwa kanthawi, ena palibe chochitika. Palibe mayeso a magazi okuuziranitu kuti agogo anu ali gulu liti. Ndiponso mayeso a MMSE amalakwira nkhalamba yosapita kusukulu, imene ingalephere kuchotsera 7 pa 100 mutu uli bwinobwino. Ku Hai ku Tanzania anapanga mayeso ena otchedwa IDEA, ofunsa mayina a nyama ndi kuyala timitengo ta machesi, koma si chipatala chilichonse chimene chimawagwiritsa ntchito. Ndiye muyeso wodalirika muupanga nokha pakhomo.

Kope

Gulani kope wamba wa ana asukulu. Kwa masabata awiri mankhwala asanayambe, munthu mmodzi amene amakhala ndi agogo tsiku lonse alembe zimene akutha kuchita ndi zimene sakutha. Osalemba kuti "lero ali bwino" kapena "lero mutu wavuta", zimenezo sizikuuzani kanthu pakatha miyezi. Sankhani zinthu 5 kapena 6 za moyo wawo weniweni, zoti zingawerengeke.

Azakhali anga ku Dedza atawalembera donepezil, msuweni wanga amene amawasamalira analemba chonchi. Kumanga chitenje: amamanga okha koma chimamasuka, timawamangiranso. Nsima: amatereka madzi n'kuchokapo, ufa aiwala, poto anapserera kawiri sabata ino. Funso lakuti mwana wawo wa ku Joni abwera liti: kuyambira m'mawa kufika nkhomaliro afunsa ka 9. Kuchimbudzi masana amapita okha, usiku asochera kamodzi. Nyimbo za kumvano amaimba zonse, koma mayina a amayi anzawo atchula awiri okha. Kusankha nyemba: amayamba, pakapita mphindi zochepa aphatikiza zabwino ndi zofumbwa. Tsamba limenelo ndi limene tinkabwererako nthawi zonse.

Lembaninso zinthu ziwiri za m'thupi. Choyamba sikelo: apimeni kulemera pachipatala chapafupi, chifukwa mankhwalawa amachotsa chilakolako cha chakudya ndipo munthu amatha kuonda mwakachetechete. Chachiwiri kugunda kwa mtima. Akhale pansi apume kaye, ikani zala ziwiri pamkono m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kwa mphindi yathunthu mukuyang'ana wotchi ya pafoni. Mukapeza pansi pa 50, kapena ngati anakomokapo, kapena akumwa atenolol, propranolol kapena digoxin, uzani dokotala asanayambe, chifukwa donepezil ndi anzake awiri aja amachedwetsa mtima. Muuzeninso za zilonda za m'mimba, mphumu, ndi Brufen kapena Indocid amene agogo ambiri amamwera maondo.

Kamwedwe

Donepezil amayamba ndi 5 mg kamodzi pa tsiku, kawirikawiri pogona. Pakatha mwezi kapena masabata 6, ngati thupi lamulandira, dokotala amakweza kufika 10 mg. Musafulumire kukweza. Nseru, kusanza, kutsegula m'mimba ndi kukokana kwa minofu ya miyendo zimabwera kwambiri masiku oyamba ndi nthawi yokweza, ndipo kwa ambiri zimatha pa sabata imodzi kapena awiri. Kumwera pa chakudya kumathandiza. Akayamba kulota zoopsa n'kumadzuka akukuwa, sunthirani piritsilo m'mawa pa phala. Ambiri zimathera pomwepo. Akaiwala tsiku limodzi, mawa lake amwe limodzi basi, osaphatikiza awiri. Ndipo mapiritsi asunge ndinu. Munthu woiwala amatha kumwa katatu tsiku limodzi akuti sanamwe.

Chinthu china chimene mabanja samachiyembekezera: mankhwalawa amatha kuyambitsa kukodza pafupipafupi kapena kudzikodzera. Msampha wake ndi wakuti wina amalemba oxybutynin woletsa mkodzo, uja wofafaniza donepezil. Uzani dokotala kuti vutolo layamba mankhwala atayamba.

Rivastigmine amapezeka ngati kapulasitala komata pakhungu, kabwino kwa amene mimba yawo yakana mapiritsi. Kamayamba ndi 4.6 mg pa maola 24, kenako 9.5 mg. Mmene ndimachitira m'mawa ndi motere. Ndisanatsegule katsopano, ndimayamba ndafufuza kadzulo, ndikuyendetsa dzanja pamsana ponse, pamapewa ndi pachifuwa, chifukwa nthawi zina kamamatuka n'kukakamira mkati mwa malaya, nthawi zina namwino wa usiku anamata pena posayembekezera. Ndikakapeza ndimakamatula, kukapinda mbali yomatayo mkati, n'kukataya posafika ana. Katsopano ndimakalemba tsiku ndi cholembera, ndimasankha khungu louma, losadzola mafuta, lopanda ubweya wambiri, n'kukanikiza ndi chikhatho masekondi 30. Malo amodzi sindibwerezapo mpaka patapita masiku 14, apo ayi khungu limafiira ndi kuyabwa. Kwa amene amakonda kumatula, pamwamba pa msana pomwe dzanja lawo silifika. Tipulasitala tiwiri pathupi limodzi ndi ngozi yeniyeni: kusanza kosalekeza, thukuta, mtima kutsika. Akakhala masiku oposa 3 osamata, sayambiranso pa mlingo waukulu, amabwerera pa 4.6.

Memantine amayamba ndi 5 mg, kumaonjezera 5 mg sabata iliyonse mpaka 20 mg. Amabweretsa chizungulire, mutu ndi kudzimbidwa, ndipo a impso zofooka amapatsidwa mlingo wochepa.

Akakomoka, akagwa mosadziwika bwino, akachita chimbudzi chakuda bii, kapena akamasanza osasunga ngakhale madzi, imitsani mankhwala mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuwerenga kope

Pakatha miyezi 3 tsegulani tsamba loyamba lija, muyerekeze chinthu ndi chinthu. Mubwerezenso pa miyezi 6. Apa ndi pamene mabanja ambiri amaweruza molakwa. Ngati pa miyezi 6 agogo akuchita zomwe ankachita pa tsamba loyamba, pomwe chaka chapitacho ankatsika mwezi ndi mwezi, n'kutheka kwambiri kuti mankhwala akugwira. Kusasintha, pa matenda awa, ndi phindu.

Musamayembekeze kuti mayina abwerera. Chimene ndimaona kawirikawiri mwa amene mankhwala awayanja ndi kuchangamuka: munthu amene amangokhala duu kuyang'ana khoma ayamba kutembenuka wina akalowa, kumaliza chiganizo chimene wayamba, kudya yekha osakumbutsidwa pa nthongo iliyonse. Kwa azakhali, funso la mwana wa ku Joni silinachepe ngakhale pang'ono, ndipo kuphika sanabwererenso. Koma lichero la nyemba anayamba kulimaliza, zofumbwa pazokha, ndipo usiku analeka kusochera kwa miyezi ingapo. Kwa msuweni wanga, amene anayambanso kugona tulo, zimenezo zinali zokwanira kupitiriza kugula. Banja lina likanaona kuti mtengowo sukulingana ndi phindu, ndipo sindikanalitsutsa. Mwa a mtundu wa Lewy body kusintha kumaonekera bwino kuposa apa; anthu aja amawaona m'chipinda amatha kuchepa kapena kusawaopsanso.

Za mankhwala ogonetsa ndi a diripi

Agogo akayamba ukali, kuthawa kapena kukuwa usiku, pamabwera chiyeso chopempha "owakhazika pansi": haloperidol, chlorpromazine, risperidone. Amenewa sathandiza kuganiza, amakuonjezera kuipa, ndipo mwa okalamba a dementia amachulukitsa sitiroko ndi imfa. Kwa a Lewy body amatha kuumitsa thupi lonse ndi mlingo wochepa chabe. Kuno risperidone amaloledwa kwa masabata 6 okha, pokhapokha munthu akuika moyo wake kapena wa ena pangozi ndipo njira zina zalephera. Musanafike pamenepo fufuzani ululu. Munthu wosatha kunena kuti dzino likuwawa, kapena kuti watha masiku osachita chimbudzi, amanena ndi ukali. Panado woperekedwa pa nthawi yake wakhazikapo pansi anthu ambiri amene ena ankafuna kuwagonetsa.

Mwina mwawerenganso za lecanemab, amene America inavomereza mu 2023, ndi donanemab wa 2024. Amenewa amachotsa amyloid, zinyalala zimene zimaunjikana mu ubongo wa Alzheimer. Mu kafukufuku wa miyezi 18, lecanemab anachedwetsa kutsika ndi 27 peresenti. Nambalayo imamveka yaikulu, koma pa muyeso wa malikisi 18 kusiyana kwake kunali 0.45. Ndi wa matenda oyamba kumene okha, mu kafukufukuyo ankaperekedwa pa diripi masabata awiri alionse, amafuna kujambula ubongo ndi MRI mobwerezabwereza chifukwa amatha kutupitsa ubongo kapena kuutulutsa magazi, ndipo mtengo wake ku America unayambira pa madola 26,500 pa chaka. Kuno ku Britain analoledwa mu 2024, koma NICE inaona kuti phindu lake silikulingana ndi mtengo woti NHS, zipatala za boma za kuno, ilipire. Ndiye wina akakutsatsani pa Facebook botolo la "mankhwala atsopano ochiza kuiwala", ameneyo ndi wakuba.

Kupitiriza kapena kusiya

Musanayambe n'komwe, khalani pansi ngati banja muwerenge ndalama za chaka chathunthu, osati za mwezi umodzi, ndipo mudziwe famase imene mankhwalawo amapezeka mosadukiza. Kumwa mwezi uno, kusowa mwezi wamawa, kuyambiranso pa 10 mg wachibale akabwera ndi paketi kuchokera kunja, kumangobweretsa kusanza popanda phindu. Akadukiza sabata kapena kuposa, funsani dokotala ngati ayambirenso pa 5 mg.

Matenda akakula, anthu ambiri amaganiza kuti mankhwala atha ntchito. Kafukufuku wa DOMINO, amene anachitika kuno ku Britain motsogozedwa ndi Robert Howard ndipo anatuluka mu 2012, anayesa zimenezi pa anthu 295 a matenda apakati ndi aakulu amene ankamwa kale donepezil. Ena anapitiriza, ena anasiyitsidwa osadziwa. Patatha chaka, opitiriza anaposa osiya ndi malikisi 1.9 pa mayeso a 30 aja, ndipo ankadzithandiza bwinoko pa kuvala ndi kudya. Osiyawo anali ndi mwayi pafupifupi kawiri wokathera m'nyumba ngati ino ndimagwiramo m'chaka choyambacho. Choncho kukula kwa matenda pakokha si chifukwa chosiyira.

Zifukwa zomveka zosiyira ndi izi: akuonda mwezi ndi mwezi, mtima watsika kapena akukomoka, mimba yakana ngakhale mwayesa mlingo wochepa ndi kapulasitala, kope likuonetsa kutsika kwa liwiro lomwe lija ngati palibe chimene akumwa, kapena afika poti kumeza n'kovuta ndipo piritsi lililonse ndi nkhondo. Ndalama nazonso ndi chifukwa chomveka. Ngati muyenera kusankha pakati pa donepezil ndi mankhwala a BP, kapena pakati pa donepezil ndi kulipira munthu wokhala nawo masana kuti asasochere kapena kupsa ndi moto, ine ndingasiye donepezil.

Mukagwirizana ndi dokotala zosiya, musadule kamodzi. Tsitsani kuchoka pa 10 mg kufika pa 5 mg kwa mwezi umodzi, kenako muimitse, kope lili m'manja. Donepezil amachedwa kutha m'thupi, choncho masiku oyamba sakuuzani kanthu. Yang'anani kuyambira sabata yachiwiri mpaka ya 6. Mukaona kuti agwa msanga, asiya kudya okha kapena ayamba kusokonezeka kuposa kale, bwererani kwa dokotala mwachangu kuti ayambirenso pa 5 mg, chifukwa mukachedwa zimene zatayika sizibwerera zonse.